Mmene Ndinachepetsera Ana a Apongozi Anga

Amuna anzanga akafika kwa apongozi awo amawaphera nkhuku. Ine ndikatsika minibasi ku Henga masiku ano, chimene chimandichingamira ndi funso: "Alamu, mwatiwerenga kale? Lero tilipo angati?" Amafunsa akumwetulira, ine n'kumaseka nawo, popeza msampha wodzitchera wekha ukakukola sulira mokweza. Ndikuuzani zonse osabisa kanthu. Ndibisenso chiyani poti anthu a midzi itatu anadzionera ndi maso awo?

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditaya ku Rumphi kalekale. Ntchito yanga ndi yosunga mafailo mu ofesi ina pa Boma, ndipo chonde musaiderere. Munthu akabwera n'kunena kuti anayamba ntchito chaka chakuti, ine ndimasolola failo yake n'kumuonetsa kuti mwina waiwala kapena akunama (kawirikawiri ndimasankha kuti akunama). Mawu amene ndinkakonda kunena, mpaka anzanga anafika pondiitana nawo ngati dzina, anali akuti pepala silinama.

Ku Rumphi komweku n'kumene ndinapeza mkazi wanga Tiwonge, mayi a Tadala. Bambo ake anali a Msiska, koma dzina limeneli linkamveka kutchalitchi kokha powerenga zolengeza. Wina aliyense, ngakhale madoda a imvi anzawo, ankangoti Adada. Anali mkulu wa mpingo, koma osati wa mtundu uja woyera Lamulungu, Lolemba n'kukasuntha malire a munda wa mnzake. Anagwirapo ntchito yolondera nkhalango za boma, ndipo atapuma anabwerera kumudzi n'kumalima. Pakhomo pawo pankadzaza ana ngati pasukulu ya mkaka.

Pemphero lawo la m'mawa linali lotchuka m'chigwa monse chifukwa cha kutalika. Ankatchula mwana aliyense dzina pamodzi ndi vuto lake: uyu mayeso, uyu chifuwa, uyu mwamuna wake wayambanso mowa. Pofika pa "ameni" tiyi amakhala atazizira ndipo mawondo atachita dzanzi. Nditangokwatira anandiwonjezera nanenso, ndipo nthawi zonse ankandipempherera chinthu chimodzi, chakuti Mulungu andipatse mtima wodzichepetsa. Ine ndinkayesa ndi mawu ongozolowera kunena.

Ndinkawakonda madala aja, izi zokha ndikunena mosaseka. Ankapalasa njinga mpaka pa Boma atamangirira mkoko wa nthochi kumbuyo, n'kudzakhala pakhonde pathu tsiku lonse akucheza ndi Tiwonge. Awiriwa ankafanana zochititsa mantha: mpata wa m'mano womwewo, kaseka komweko kogwira m'chiuno. Atadwala, Tiwonge ndi amene anagona pansi kuchipatala milungu itatu, ndipo anatsirizika atamugwira dzanja. Pamaliro ndinalira zenizeni, osati kulira kwa mkamwini kofuna kuonedwa.

Patatha chaka, banja linakumana kuti likonze zoika chiliza pamanda. Amene ankatsogolera anali alamu anga a Wongani, mwana woyamba, mlimi wosachulutsa gaga m'diwa. Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Alamu, inu ndinu munthu wa mapepala. Mutilembere mbiri ya Adada, mudzaiwerenge tsiku lovundukula chiliza. Ndiponso poti mumakhala pafupi ndi maminibasi a ku Mzuzu, mawu ogoba pamwala mukapereke ndinu kwa mmisiri."

Mawuwo anagwirizana pomwepo: dzina la Adada, vesi imene ankaikonda, ndipo pansi pake, m'Chitumbuka, kuti tidzakukumbukani ife ana anu 11. Ndinalandira ntchitoyo modzichepetsa kwambiri, kutanthauza kuti pofika Lolemba ofesi yonse inali itamva kuti kuchipongozi kwanga palibe chimayenda popanda ine.

Munthu wanzeru akanakhala pansi ndi apongozi aakazi, a NyaGondwe, n'kuwafunsa za moyo wa amuna awo. Ine ayi. Ndinapempha mapepala. Anandipatsa bokosi lachitsulo lonunkha mankhwala a njenjete, ndipo ndinalitengera kunyumba ngati ndatola chikwama. M'menemo munali makadi a ubatizo, makalata akale, nyimbo zolembedwa pamanja, ndi fomu ina yachikasu imene Adada analemba popuma pantchito. Pafomupo panali funso lakuti ana obereka ndi angati, ndipo m'kabokosi kake Adada analembamo ndi dzanja lawo: 4. Pansi pake panali timawu takuti maina awo alembedwe kuseri.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Inde, chimwemwe, ndikuvomereza. Ndinamva ngati mmene ndimamvera ndikagwira munthu wochepetsa zaka zake pafailo. Anthu awa akufuna kugoba bodza pamwala wa munthu wa Mulungu, ndipo Mulungu yemweyo watumiza ine kuchokera ku Ntcheu kuti ndidzapulumutse choonadi!

Kuseri kwa fomuyo sindinayang'aneko. Mudzandifunsa chifukwa chake, ndipo nanenso ndakhala ndikudzifunsa. Yankho n'lakuti anayiwo ndinali nditawadziwa kale, powayang'ana nkhope. A Wongani, woyamba, palibe chokayikitsa. Tiwonge, amene analavulidwa ndi Adada, palibenso chokayikitsa. Awiri enawo ndinasankha aatali miyendo ngati Adada. Kafukufuku anathera pomwepo.

Komabe, pokhala munthu wachilungamo, ndinafunsako mayi a Tadala akusita zovala za ana.

"Kodi mayi a Tadala, kwanu munabadwa angati?"

"Khumi ndi mmodzi," anayankha osadzutsa mutu.

"Ayi, ndikunena obadwa enieni."

Anaimika simbi n'kundiyang'ana. "Tonse tinabadwa, bambo a Tadala. Palibe anagwa ndi mvula. Lembani zimene munauzidwa."

Ndinagwedeza mutu mwachifundo. Ndinaganiza kuti mkazi wanga ndi wa mtima wabwino ngati bambo ake, safuna kuti ongoleredwa aja amve kusalidwa. Musaganize kuti kwathu ku Ntcheu sitidziwa kuti mwana wa mbale wako ndi wako yemwe. Timadziwa bwino lomwe, ine ndemwe ndinakulira kwa amalume. Koma ofesi inali itandidya mutu.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Mzuzu. Mmisiri wogoba ziliza anawerenga kapepala kochokera kubanja, n'kuona kuti 11 ndamukhwatcha ndi bolopeni yofiira n'kulemba 4 pamwamba.

"Bwana, apa mwasintha ndinu?"

"Ndakonza, osati kusintha."

"Eni ake akudziwa?"

"Mwini wake ndi uyu," ndinatero ndikumuonetsa fomu ya Adada.

Anapukusa mutu. "Chabwino, koma ndikuuzeni chinthu chimodzi. Pamwala palibe labala."

Ndinamuuza kuti azisamala za miyala, za mapepala andisiyire ine. Ndinaonjezanso kuti nambalayo aigobe yokulirapo ndipo aipake utoto wagolide kuti izioneka patali. (Mukafika apa mukhoza kuima kaye n'kundipempherera, ngakhale kuti mwachedwa.)

Chiliza chinabwera pa lole chitakulungidwa m'masaka, ndipo amene anayang'anira poimika ndi pophimba nsalu yoyera ndinali ine ndemwe. Alamu anga ankati akafuna kusuzumira, ndinkawaletsa kuti akudikire tsiku lake, asawononge mwambo.

Tsikulo linafika, Loweruka lotentha la mu Okutobala. Anthu anadzaza kumanda mpaka ena anakhala pa nthumbira za eni ake. Amayi a mpingo anabwera atavala zoyera zawo. Ana onse khumi ndi mmodzi anakhala kutsogolo pamphasa, atavala nsalu yofanana, atazungulira mayi awo. Ine ndinali m'suti yanga yakuda, thukuta likutsika mumsana, fomu ija ili m'thumba la jekete kuti wina akatsutsa ndidzangoisolola.

Abusa atapemphera anaitana wowerenga mbiri. Mlembi wa mpingo, bambo wina wofatsa wa magalasi, anaima pambali panga kuti azimasulira m'Chitumbuka chifukwa cha okalamba. Poyamba zinayenda bwino kwambiri. Ndinanena za ubwana wa Adada, za ntchito yawo m'nkhalango, za mmene anakanira ziphuphu za odula mitengo mpaka anawaotchera nyumba, za mmene anasenzera njerwa zomangira tchalitchi. Amayi ena anayamba kupukuta misozi. Ndinadziuza kuti mwana wa ku Ntcheu lero walemba mbiri.

Kenaka ndinafika pamene ndinkapadikira. Ndinakhosomola pang'ono, n'kuyandikiza pakamwa pa chimkuzamawu.

"Malemu anasiya mkazi mmodzi ndi ana anayi."

Mlembi uja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Kenaka mofatsa anamasulira kuti: "Khumi na yumoza," ndiye kuti khumi ndi mmodzi.

Munthu uja ankandipulumutsa. Anandiponyera chingwe ndili m'dzenje, ndipo ndikanangopitiriza kuwerenga, anthu akanati lilime la mlendo linaterereka basi. Koma tsoka lake, Chitumbuka changa ngakhale n'chopunduka, manambala okha ndimawamva.

"Pepani a mlembi," ndinatero, pa chimkuzamawu pomwepo, "ndati anayi. Tisasocheretse anthu."

Panamveka kung'ung'udza ngati njuchi. Ine ndinayesa kuti anthu akudabwa ndi kuzama kwa kafukufuku wanga, choncho ndinawaonjezera. Ndinafotokoza kuti asanu ndi awiri enawo anali ana ongowalera, ndipo kuti zimenezi zikungoonetsa kukula kwa mtima wa malemu. Ndinayang'ana kwa mayi a Tadala kuti ndione mmene akundinyadira. Anali atazyolika, akuyang'ana mphasa.

Apa m'pamene anadzuka ankhazi, mlongo wawo wa Adada, mayi wamfupi wa ndodo amene ngakhale abusa amamupatsa njira. Sanafune chimkuzamawu. Mawu awo okha anakwana, ndipo analankhula m'Chichewa kuti ndisaphonye kanthu.

"Yewo chomene, a mkweni," anatero. (Yewo chomene ndi zikomo kwambiri. Mkweni ndi mkamwini, ndipo mmene analitchulira tsiku limenelo, linamveka ngati dzina la matenda.) "Ife osaphunzira takhala zaka zonsezi osadziwa ana a mlongo wathu. Lero mwatitsegula maso. Tsono malizani ntchito. Titchulireni anayiwo, kuti enawo adzuke pamphasapo azipita kwawo."

Abusa anayesa kuyambitsa nyimbo, koma palibe anawalandira. Ine, mmalo mokomoka ngati munthu wanzeru, ndinamwetulira. Nthawi ya umboni inali itakwana. Ndinasolola fomu ija, n'kuikweza m'mwamba kuti onse aione.

"Si mawu anga, ankhazi. Ndi dzanja la Adada eni ake. Maina ali kuseri kuno."

Ndinatembenuza pepala, koyamba chilitolereni.

"Wongani," ndinawerenga mokweza. "Suzgo." Apa ndinadabwa pang'ono, chifukwa a Suzgo ndi aafupi ndipo sanali pamndandanda wanga. "Lusungu." Mawu anayamba kuchepa, popeza maso anali atathamangira kale pa dzina lachinayi. Ndinaliyang'ana, n'kuliyang'ananso. Ndinatembenuza pepalalo kuti mwina pali tsamba lina. Panalibe.

"Tikudikira," anatero ankhazi.

"Temwa," ndinanong'ona, koma chimkuzamawu sichidziwa kusunga chinsinsi.

Dzina la Tiwonge panalibe. Mkazi wanga, amene anatseka maso a Adada ndi dzanja lake, ndinali nditangomuchotsa pa ana awo, pamaso pa mpingo, mafumu ndi ana athu omwe.

Ankhazi anatsamira ndodo yawo. "Mwamaliza? Chabwino. Mkazi wanuyo anabadwa kwa mng'ono wawo wa malemu, amene anamwalira mwanayo asanayambe kuyankhula. Mayi ake anatsatira chaka chomwecho. Mlongo wanga anakamutenga n'kumubereka kumbuyo ngati mayi, kuchokera kutsidya uko mpaka pano. Boma linamufunsa za obereka, iye poopa Mulungu sanafune kunama pafomu, n'chifukwa chake analemba zimenezo n'kuzitsekera m'bokosi. Tsono a mkweni, poti mwatiuza kuti mkazi wanu si mwana wa pano, inuyo mwabwera ngati ndani? Apongozi anu enieni manda awo ndi awo ali apowo." Analoza kanthumbira kena kakale komera udzu. "Kawerengereni mbiri kumeneko."

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika, ndipo malo ake anali oyenera, koma manda onse anali ndi eni ake.

Abusa, pofuna kuzimitsa moto, anati: "Abale, tiyeni tisiye zimenezi. Tivundukule chiliza, mwalawo utikumbutse chimene tabwerera."

Ndinayesa kuwakodola. Ndinayesa kunong'oneza mlembi kuti mwina tiyambe tadya. Mlembi anachotsa magalasi n'kuyamba kuwapukuta, kusonyeza kuti chingwe chake anali atachikoka kale. A NyaGondwe anadzuka mothandizidwa ndi ana awo awiri, anagwira nsonga ya nsalu yoyera ija n'kukoka.

Mmisiri wa ku Mzuzu uja amaidziwa ntchito yake, zimenezo ndimuchitire umboni. 4 uja anawala padzuwa moti ngakhale okhala kumbuyo kwenikweni sanafunike kufunsa anzawo.

Palibe anakuwa, palibe anatukwana, ndipo zikanakhala bwino akanatero. A NyaGondwe anayang'ana mwalawo nthawi yaitali, kenaka analankhula motsitsa kwa ankhazi, poti mwamwambo sangayankhule nane maso ndi maso. Ankhazi anandifikitsira uthengawo mosachotsera: nambalayo ichoke lero lomwe, ndipo pasalembedwenso ina, chifukwa amuna awo ana ankawatchula maina, sankawawerenga ngati mbuzi.

Amene anakwiya kwambiri anali a Wongani, mmodzi wa anayi amene ndinawapatsa ulemu wagolide. Anatuma munthu kumudzi, ndipo posakhalitsa anandiika m'manja hamala ndi tchizulo.

"Alamu, munalemba ndinu," anatero. "Fufutani."

Anthu anapita kumudzi kukadya. Ine ndinatsala kumanda, nditagwada m'suti, dzuwa lili paliwombo, ndikugogoda mwala wolimba ngati mtima wa ankhazi. Ine, munthu amene chida chake cholemera kwambiri ndi sitepula! Pasanathe theka la ola manja anali atatuluka matuza, chala chachikulu nditachiphwanya kawiri, ndipo 4 uja anali atangothothoka kamwendo kamodzi.

Ndinamva mapazi kumbuyo. Anali mayi a Tadala, atanyamula kapu ya madzi. Anaiika pansi, osati m'manja mwanga, n'kukhala pamphepete pa manda a Adada. Maso anali ofiira.

"Mayi a Tadala," ndinayamba, "sindinkadziwa."

"Ndikudziwa kuti simunkadziwa. Mukanafunsa."

"Ndinafunsa."

"Ndipo ndinakuyankhani."

 Kenaka ndinafunsa ngati iye ankadziwa.

"Kuyambira ndili sitandade 3," anatero. "Adada anandiuza okha, ananditengera pa kanthumbira ako, n'kundiuza kuti uyu ndi amene anakubereka, uzimulemekeza, koma bambo ako ndine. Anati nkhaniyi yathera pano. Mudzi wonse umadziwa, bambo a Tadala. Koma zaka zonsezi palibe anainenapo ine ndikumva. Ana anzanga tikayambana ankanditukwana mutu waukulu, koma izi ayi. Ngakhale oledzera a pamsika sanayerekeze. Woyamba ndinu, mwamuna wanga, pa chimkuzamawu."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yofanana ndi ya abale ake ija.

"Sindinkafuna zambiri lero. Ndinkangofuna kukhala pamphasa paja ngati mwana wawo."

Pamoyo wanga ndachitapo manyazi kambirimbiri, koma apa sanali manyazi okha. Zinandipweteka, chifukwa ndinazindikira kuti chimene madala aja anachitchinjiriza zaka zoposa makumi atatu, ine ndinachiphwanya m'mphindi zisanu, nditavala tayi. Ndinapepesa. Ndinapepesa m'Chichewa, n'kuyesanso m'Chitumbuka changa chopunduka, misozi ikusakanikirana ndi fumbi la mwala.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anadzuka n'kukutumula nsalu yake.

"Pitirizani kugogoda," anatero. "Mukamaliza mubwere kumudzi mukapepese kwa amama, ndiponso kwa abale anga mmodzimmodzi, kumutchula aliyense dzina. Alipo khumi. Yanga nkhani tikakambirana kunyumba."

Ndinamaliza dzuwa litapendeka. Pamwalapo panatsala chibowo chokhakhala, moti mpaka lero pamawerengeka kuti ife ana anu, kenaka dzenje. Kumudzi ndinagwada kakhumi ndi kamodzi. Ena anandikhululukira msanga, a Suzgo anandifunsa kaye ngati ndatsimikiza kuti iwo alipodi, ndipo ankhazi, amene sanali n'komwe pamndandanda wa opepesedwa, anabwera okha kudzalandira gawo lawo.

Mukandifunsa chimene ndinatolapo, ndi ichi: ukaona anthu a mudzi wonse akhala chete pa nkhani ina kwa zaka makumi atatu, sikuti akudikira wophunzira wa ku Ntcheu kuti adzawaunikire. Izi ndazimvetsa, ngakhale kuti ndinazigula ndi chikhadabo cha chala chachikulu.

Koma nkhani ija yokakambirana kunyumba ndiyo sinathebe. Mayi a Tadala amaphika, amaseka ndi ana, amandifunsa mmene ndaswerera. Za Adada zokha ndi zimene anasiya kukamba nane. Kale sipankapita ngakhale tsiku limodzi osawatchula, lero akafuna kuwakumbukira amatenga foni n'kutuluka panja kukaimbira a Wongani. Ine ndimatsala m'nyumba, ndikumva kaseka kaja kogwira m'chiuno kakumveka kuseri kwa khoma, ndipo ndimadikira tsiku limene adzandiitane kuti ndidzamve nawo.